KACHITSEKO KOSUNGA MOYO: MBIRI YA MAVAVU A KLORINI

Munthu akadzuka m'mawa natsegula mpopi kuti atunge madzi akumwa, nthawi zina amamva kafungo kachilendo kakutuluka m'chikho. Ana ena amakwinya nkhope, pomwe agogo ochokera kumudzi amadandaula kuti madzi a m'tauni amanunkha mankhwala. Kafungo kameneka ndi ka klorini, mankhwala amene amathiridwa m'madzi kuti aphe tizilombo toyambitsa matenda monga kolera, tayifodi ndi kamwazi. Koma ndi ochepa mwa ife amene timadziwa kuti klorini yemweyu adapha asilikali mazanamazana m'dziko la Belgium madzulo a tsiku limodzi lokha, pa 22 Epulo 1915. Nanga zitheka bwanji kuti chinthu chimodzi chikhale mpulumutsi kuno, chigawenga uko? Yankho lake lagona pa muyeso, ndipo mlonda wa muyesowo ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa vavu. M'chimangirizo chino tiona mmene anthu adavutikira kwa zaka zoposa 100 kufunafuna kachitseko koyenera kulamulira mpweya woopsawu.

Tisanapite patali, ndi bwino timvane za tanthauzo la mawu akuti vavu. Vavu ndi kachitseko kamene kamaikidwa pa paipi, pa thanki kapena pa botolo kuti kazilola madzi kapena mpweya kudutsa, kaziuchepetsa, kapenanso kaziutsekereza. Mpopi wa pabwalo ndi vavu. Kanthu ka pa chubu cha njinga kamene kamalola mpweya kulowa koma osatuluka nakonso ndi vavu. Mavavu otere akavuta, chotayika ndi madzi kapena ulendo wa tsiku limenelo. Koma vavu ya klorini ikavuta, chotayika ndi moyo wa anthu.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa khalidwe la klorini. Uwu ndi mpweya wa maonekedwe obiriwira mopita ku chikasu, wa fungo lotsamwitsa. Umalemera kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi mpweya umene timapuma, choncho ukathawa sukwera kumwamba ngati utsi. Umakwawa pansi n'kukadzaza m'maenje, m'zigwa ndi m'zipinda zapansi. Ukakhudza chinyezi cha m'maso, cha kummero ndi cha m'mapapo umasanduka asidi wotentha. Ukapanikizidwa kwambiri umasanduka madzi, ndipo lita imodzi ya madzi amenewa ikamasuka imabala malita pafupifupi 460 a mpweya. Chodabwitsa china n'chakuti klorini wouma amakhala mwamtendere m'botolo lachitsulo, koma akangolawa kadontho ka madzi amayamba kudya chitsulo chomwecho ngati chiswe pa mtengo wouma. Mlendo wa khalidwe lotere safunika chitseko wamba.

Munthu woyamba kupanga mpweyawu ndi kuulongosola bwino adali Carl Wilhelm Scheele, wosakaniza mankhwala wa ku Sweden. M'chaka cha 1774 iye adathira asidi pa mwala wina wakuda, ndipo padatuluka mpweya umene udamutsamwitsa. Atauyesa adaona kuti ukuyeretsa masamba ndi maluwa mpaka kuchita mbee, ukuwononga zitsulo, ndiponso ukupha tizilombo touluka. Scheele ankaganiza kuti mpweyawu ndi msakanizo wa zinthu zingapo. Padapita zaka 36 kuti Humphry Davy wa ku England atsimikize, m'chaka cha 1810, kuti ndi chinthu choima pachokha. Iyeyu ndiye adaupatsa dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kubiriwira kotuwa. Kenaka m'chaka cha 1823 wothandizira wake, Michael Faraday, adatenthetsa mbali imodzi ya kachubu kagalasi kotsekedwa, naona timadontho tonga mafuta tikusonkhana ku mbali yozizira. Timadonthoto tidali klorini wamadzi.

Nthawi imeneyo padalibe botolo kapena chitseko chokhoza kusunga mpweyawu wambiri. Choncho anthu adapeza nzeru ina: kuumangirira mu zinthu zina. Cha m'ma 1785 Claude Berthollet wa ku France adaonetsa kuti klorini angayeretse nsalu, ndipo pasanapite nthawi fakitale ya ku Javel, pafupi ndi Paris, idayamba kupanga madzi oyeretsera. M'chaka cha 1799 Charles Tennant wa ku Scotland adapeza njira yomwetsera klorini mu laimu, napanga ufa woyera wonyamulika m'migolo. Kale nsalu inkayalidwa padzuwa kwa miyezi, n'kumaviikidwa mu mkaka wosasa, kuti iyere. Ndi ufa wa Tennant ntchitoyo idafupika kwambiri. Madokotala nawonso adautola. M'chaka cha 1847 Ignaz Semmelweis adalamula kuti madokotala a pa chipatala china chachikulu cha ku Vienna azisamba m'manja ndi madzi a ufa umenewu asanagwire amayi oyembekezera. M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho amayi 18 mwa 100 alionse adamwalira m'chipinda chake chochirira, koma pofika mwezi wa Juni chiwerengerocho chidatsika kufika pa awiri okha.

Ufa womwewu ndiwo udayamba kuthiridwa m'madzi akumwa. Mzinda wa Maidstone ku England udatsukira nawo mapaipi ake pa mliri wa tayifodi wa 1897, ndipo mzinda wa Lincoln udathira mankhwala a klorini m'madzi pa mliri wa 1905. Koma nkhani yotchuka kwambiri ndi ya mzinda wa Jersey City ku America. Kumeneko dokotala wina dzina lake John Leal adalimba mtima kuthira klorini mosalekeza m'madzi a mzinda wonse, ochokera ku damu la Boonton. Anthu ambiri ankaona ngati ndi misala kuthira poizoni m'madzi akumwa. Leal ankadziwa kuti zonse zidalira muyeso, choncho adapempha katswiri wa zomangamanga George Fuller kuti akonze makina ake. Fuller adamanga mathanki osungunuliramo ufa, ndipo madzi a mankhwalawo ankatuluka kudzera pa timabowo toyezedwa bwino. Makinawa adayamba kugwira ntchito pa 26 Sepitembala 1908. Nkhaniyi idafika kubwalo la milandu, ndipo m'chaka cha 1910 woweruza adavomereza kuti njira ya Leal ikuyeretsadi madzi.

Ngakhale zidali choncho, ufa udali ndi mavuto ake. Ukakhalitsa unkasukuluka mphamvu, kotero kuti mgolo wa lero sunkafanana ndi wa dzulo. Nsenga zake zinkatseka timabowo tija, ndipo antchito ankayenera kutakasa usana ndi usiku. Anthu adayamba kulakalaka klorini weniweni, wosasakaniza ndi kanthu. Mwayi wake, zinthu ziwiri zidali zitachitika kale. Choyamba, m'chaka cha 1888 Rudolf Knietsch wa ku Germany adapeza njira yopanikizira klorini wambiri kuti asanduke madzi, atazindikira kuti klorini wouma sadya chitsulo. Chachiwiri, m'zaka za m'ma 1890 mafakitale adayamba kupanga klorini wotsika mtengo podutsitsa magetsi m'madzi a mchere. Tsopano mpweya uja udapeza nyumba, botolo lachitsulo lotchedwa silinda. Chotsala chidali chitseko.

Vuto lake lidali lotere. M'kati mwa silinda mpweya umakankha mwamphamvu, ndipo mphamvuyo imakwera kukatentha, n'kutsika kukazizira. Komabe madzi akumwa amafuna klorini wochepetsetsa, ndipo muyesowo uyenera kukhala womwewo masana ndi usiku. Kutulutsa kamuyeso kotere mu silinda kuli ngati kufuna kutunga chikho chimodzi pa mtsinje wosefukira. M'chaka cha 1910 Carl Darnall, dokotala wa asilikali a ku America, adakonza makina okhala ndi mavavu ofooketsa mphamvu ya mpweya usanakumane ndi madzi. Cholinga chake chidali choti asilikali azimwa madzi abwino kumisasa. Patapita zaka zitatu, mu 1913, anyamata awiri, Charles Wallace ndi Martin Tiernan, adaika makina awo oyamba m'chigawo cha New Jersey, ndipo kampani yawo idadzatchuka pa dziko lonse. Iwo ndi anzawo a nthawi imeneyo adaphunzira ndi zowawa kuti pamalo pomwe klorini akukumana ndi chinyezi, chitsulo wamba sichikhalitsa. Adayenera kugwiritsa ntchito siliva, galasi ndi labala wolimba.

Zipatso za ntchitoyi sizidachedwe kuoneka. M'chaka cha 1900 anthu pafupifupi 100 mwa 100,000 alionse ku America ankadwala tayifodi pa chaka. Pofika 1920 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 34. N'zoona kuti kusefa madzi ndi kukonza zimbudzi kudathandizanso, pakuti mutu umodzi susenza denga, koma palibe amatsutsa kuti klorini adasenza mbali yaikulu ya dengalo.

Tsoka ilo, pomwe ena ankavutika kuphunzira kutsegula vavu pang'onopang'ono, ena ankakonzekera kuitsegula yonse. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, magulu a nkhondo adakumba ngalande zobisalamo, ndipo palibe mbali imene inkatha kusuntha inzake. Katswiri wa sayansi wa ku Germany, Fritz Haber, adapereka maganizo oti agwiritse ntchito klorini, podziwa kuti mpweya wolemerawu udzatsikira m'ngalande momwe zipolopolo sizinkafika. Asilikali adakwirira masilinda 5,730 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6 kufupi ndi mzinda wa Ypres, nadikira mphepo. Madzulo a pa 22 Epulo 1915 mphepo idaomba molunjika kwa adani, ndipo mavavu onse adatsegulidwa. Mtambo wobiriwira wa matani oposa 150 udakwawa kulunjika kwa asilikali a France, amene ambiri mwa iwo adali ochokera ku Algeria, kuno ku Africa. Anthu adatsamwa, maso adatentha, ndipo amene adagona pansi pofuna kubisala ndiwo adapuma mpweya wambiri. Mazanamazana adafera pomwepo, zikwi adavulala.

Patapita miyezi isanu, pa 25 Sepitembala 1915, asilikali a Britain adafuna kubwezera pa nkhondo ya ku Loos, m'dziko la France. Apa vavu idaonetsa kuti ilibe mbale. M'malo ena masipanala amene asilikali adapatsidwa sadakwane pa mavavu, ndipo masilinda adakanika kutseguka. M'malo ena mapaipi ankadontha polumikizira. Choipitsitsa n'chakuti mphepo idatembenuka, mpweya n'kubwerera kwa eni ake, ndipo asilikali a Britain oposa 2,000 adavulazidwa ndi chida chawo chomwe. Adaphunzira mochedwa kuti madzi akatayika saoleka: dzanja likhoza kutsegula vavu, koma silingaitanenso mpweya umene watuluka. M'chaka cha 1925 mayiko adasainirana pangano ku Geneva loletsa kumenyana ndi mpweya wa poizoni, ndipo pangano lina lamphamvu koposa lidayamba kugwira ntchito mu 1997.

Nkhondo itatha, ntchito za klorini zidachuluka. Ankafunika poyeretsa madzi, popanga mapepala, ndipo pambuyo pake popanga mankhwala ndi mapaipi apulasitiki. Masilinda ankayenda m'misewu ndi m'njanji, pafupi ndi nyumba za anthu. Koma kampani iliyonse inkapanga vavu yakeyake, zomwe zinkasokoneza antchito ndi kubweretsa ngozi. M'chaka cha 1924 opanga klorini ku America adakhazikitsa bungwe lotchedwa Chlorine Institute, ndipo ina mwa ntchito zake zazikulu idakhala kugwirizanitsa kapangidwe ka mavavu ndi malamulo a kagwiridwe kake. Nkhanga zidapangana kusanapse, ndipo mapangano amenewo ndiwo adabala vavu imene ikupezeka lero pa masilinda ambiri.

Tiyeni tiiyang'anitsitse vavu imeneyi, pakuti kachiwalo kake kalikonse kali ndi mbiri ya ngozi imene kadabwera kudzaletsa. Thupi lake ndi la mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina. M'kati muli kamtengo kachitsulo kamene kamatsika n'kukhala pa kabowo, ndipo kamtengoka kamapangidwa ndi msakanizo wa nikelo ndi mkuwa wotchedwa Monel, umene klorini saudya msanga. Ilibe chogwirira ngati cha mpopi wa kunyumba, kuopa kuti mwana kapena munthu wongodutsa angaipotokole. Imatsegulidwa ndi kasipanala kapadera kotalika masentimita 20 okha. Kufupika kwakeko n'kwadala, kuti munthu wamphamvu asathyole kamtengo kaja pomanga. Polumikiza paipi amaikapo kamkombero ka mtovu, ndipo kamkomberoka sikagwiritsidwa ntchito kawiri. Silinda ikakhala pa ulendo, vavu imavekedwa chisoti chachitsulo.

Kachiwalo kochititsa chidwi kwambiri ndi katsekero kosungunuka. Klorini wamadzi amafufuma akatenthedwa, ndipo silinda ikagwidwa ndi moto ikhoza kuphulika ngati bomba. Pofuna kupewa zimenezi, pa vavu pamakhala kabowo kotsekedwa ndi chitsulo chofewa chimene chimasungunuka kutentha kukafika madigiri 70 mpaka 74. Katsekeroka kakasungunuka, mpweya umatuluka pang'onopang'ono m'malo moti silinda yonse ing'ambike. Opanga adasankha ngozi yaing'ono pofuna kuthawa yaikulu. Silinda wamba imanyamula makilogalamu pafupifupi 68, koma palinso migolo ikuluikulu ya makilogalamu oposa 900 imene imagonekedwa cham'mbali. Migolo imeneyi ili ndi mavavu awiri, ina pamwamba, ina pansi: yapamwamba imatulutsa mpweya, yapansi imatulutsa klorini wamadzi. Wantchito wosokoneza mavavu awiriwa akhoza kuwononga makina ndi kudzivulaza yekha.

Komabe nzeru yoposa zonse idabwera pamene akatswiri adatembenuza kaganizidwe kawo. M'makina oyamba, mpweya unkakankhidwa kuchokera mu silinda kupita kumadzi. Paipi ikabooka, mpweya unkapitirira kutuluka mpaka wina abwere kudzatseka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 adayamba kupanga makina amene klorini amachita kukokedwa. Madzi othamanga amadutsa pa kakhosi kopapatiza, ndipo kuthamanga kwawoko kumayamwa mpweya, monga mmene mwana amayamwira madzi ndi kabango. Kuyamwako kumakoka kachikopa kofewa, kachikopako n'kukankha vavu imene sipuling'i imaigwira chitsekere. Madzi akaima, kapena paipi ikabooka, kuyamwa kumatha, ndipo sipuling'i imatseka vavu nthawi yomweyo popanda dzanja la munthu. Cha m'ma 1960 kachipangizo kameneka kadayamba kumangidwa pakamwa penipeni pa silinda, kotero kuti palibenso paipi yonyamula mpweya wokankha. Apa ndiye kuti chitseko chidaphunzira kudzitseka chokha zinthu zikavuta. Pambali pake pamakhala kachubu kagalasi kokhala ndi kampira koyandama, kamene kamaonetsa wantchito kuchuluka kwa mpweya ukudutsa, ndi vavu ina yaing'ono yoonjezera kapena kuchepetsa muyeso.

Ngakhale vavu ikhale yabwino chotani, imafuna munthu wodziwa mwambo wake. Wantchito wophunzitsidwa bwino amatsegula vavu ya silinda mopotokola kamodzi kokha, n'kusiya sipanala pomwepo kuti pakagwa ngozi atseke msanga. Sapaka mafuta kapena girisi wamba pa vavu, chifukwa klorini amalimbana ndi mafuta moopsa. Akafuna kudziwa ngati pakudontha sanunkhiza ndi mphuno. Amayandikiza kabotolo ka amoniya, ndipo ngati pali podontha pamatuluka utsi woyera. Sathira madzi podonthapo, pakuti madzi amakulitsa bowo. Mgolo ukamadontha amautembenuza kuti bowo likhale pamwamba, kuti pazituluka mpweya m'malo mwa klorini wamadzi. Posintha silinda sakhala yekha. Ndipo zikafika poipa, mankhwala a utsi n'kuthawa: amathawira kumtunda, kumene mphepo ikuchokera.

Zimene zimachitika mwambo umenewu ukanyozedwa zidaoneka pa 14 Ogasiti 2002 pafupi ndi tauni ya Festus, m'chigawo cha Missouri ku America. Pa fakitale ina antchito ankatsitsa klorini kuchokera m'thanki ya sitima yapamtunda, ndipo paipi yofewa yolumikizira idaphulika. Kafukufuku adapeza kuti paipiyo idalukidwa ndi chitsulo cholakwika, chofanana maonekedwe ndi choyenera koma chosapirira klorini. Fakitaleyo idali ndi mavavu odzitseka pa ngozi, ndipo antchito adadina mabatani ake, koma mavavuwo sadatseke bwino chifukwa adali atachita dzimbiri posowa chisamaliro. Mpweya udatuluka kwa maola pafupifupi atatu, matani oposa 20, mpaka anthu ovala zodzitetezera adakwera pa thankiyo ndi kutseka mavavu ndi manja. Anthu oposa 60 adapita kuchipatala. Phunziro lake n'lakuti vavu imene siyesedwa kawirikawiri ili ngati mlonda wogona: alipo ndithu, koma mbala ikudutsa.

Tisaganize kuti ngozi ili pa kutsegula kokha. Kutseka mopitirira muyeso nakonso kumapha, ngakhale kuti imfa yake imabwera mwakachetechete. M'mwezi wa Meyi 2000, m'tauni yaing'ono ya Walkerton ku Canada, mvula yamphamvu idakokolola ndowe za ng'ombe kulowa m'chitsime china cha tauniyo. Oyang'anira madzi sankathira klorini wokwanira, ndipo sankayeza madzi tsiku ndi tsiku monga mwa lamulo. M'mabuku ankangolemba manambala a m'mutu. Anthu pafupifupi 2,300 adadwala, ndipo asanu ndi awiri adamwalira. Kumbali inayo, m'chaka cha 1974 Johannes Rook wa ku Rotterdam adapeza kuti klorini akakumana ndi zinyalala za zomera zowola m'madzi amabala mankhwala ena osafunika m'thupi. Choncho kuthira wambiri si nzeru, kuthira wochepa n'kuika moyo pa chiswe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti pakatha mphindi 30 chithirireni, m'lita imodzi ya madzi muzitsala theka la miligalamu ya klorini, ndipo pofika pa mpopi wa munthu pazitsalabe mamiligalamu 0.2. Kafungo kaja timakamva m'chikho ndi umboni wakuti mlonda wayenda ndi madziwo mpaka pakhomo pathu.

Nanga kunyumba zili bwanji? Masilinda a mpweya alibe malo m'nyumba za anthu. Klorini amafika pakhomo ali womangidwa m'madzi oyeretsera zovala, mu ufa kapena m'mapiritsi, monga ankachitira m'masiku a Tennant. Koma funso la muyeso silisintha. M'chaka cha 1998 ku Zambia kudayamba kugulitsidwa timabotolo ta mankhwala otchedwa Clorin, ndipo mu 2002 ku Malawi kudabwera WaterGuard. Pa timabotolo timeneti, chivindikiro ndicho chidakhala muyeso: chivindikiro chimodzi pa ndowa ya malita 20, kenaka kudikira mphindi 30. Pambuyo pake akatswiri ofufuza kumadzulo kwa Kenya adaona kuti anthu ambiri amaiwala kugula kapena kuthira mankhwalawa kunyumba. Adakonza kathanki kapulasitiki koimikidwa pafupi ndi chitsime kapena mjigo, kokhala ndi vavu imene ukaipotokola kamodzi imatulutsa mamililita atatu okha, okwanira chigubu cha malita 20. M'zaka za m'ma 2010 timathanki totere tidaikidwanso m'midzi ya ku Uganda ndi ku Malawi, kuyambira m'boma la Zomba. Taonani ulendo wake: nzeru imene Darnall adaivutikira pofuna kuteteza asilikali idafika m'manja mwa mayi wotunga madzi pa mjigo.

Kufunika kwa zimenezi tidakuona ndi maso athu. Mliri wa kolera umene udayamba m'boma la Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 udafalikira m'maboma onse a Malawi, nudwalitsa anthu oposa 50,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa nthawi imeneyo alangizi a zaumoyo ankayenda m'midzi kugawa madzi a klorini osungunula kuchokera ku ufa, ndipo langizo lawo lidali lomwe lija la Leal: thirani muyeso woyenera, dikirani, sungani madzi m'chiwiya chovindikira. Pakhomo, vavu ndi dzanja la munthu mwini. N'chifukwa chake tiyenera kudziwanso kuti mankhwala oyeretsera zovala sasakanizidwa ndi mankhwala ena otsukira, makamaka okhala ndi asidi kapena amoniya. Wochita zimenezi amamasula mpweya wa poizoni m'bafa mwake momwe, popanda chitseko choutsekera. Paja safunsa adadya phula.

Pomaliza, mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti kutulukira chinthu champhamvu ndi chiyambi chabe cha ntchito. Scheele adapeza klorini mu 1774, koma padapita zaka zoposa 130 kuti anthu athe kumuthira m'madzi a mzinda mosaopa. Zaka zonsezo zidathera pa kufunafuna botolo losadyeka, chitsulo chopirira, ndi chitseko chodziwa kutseguka pang'ono ndi kutseka msanga. Masilinda a ku Ypres ndi a kumalo oyeretsera madzi sadasiyane kwenikweni. Chidasiyana ndi mtima wa wogwira sipanala ndi kukula kwa mpata umene adatsegula. M'mabuku a mbiri timawerenga maina a Davy, Leal ndi Haber, koma usiku uliwonse pali munthu wina wosatchuka amene amakhala maso pamalo oyeretsera madzi, kuyang'ana kampira koyandama m'kachubu kagalasi ndi kulemba zoona m'buku lake. Ena mwa inu, ophunzira, mudzagwira ntchito imeneyo. Tsiku limenelo mudzakumbukire kuti mzinda wonse udzamwa chimene dzanja lanu layeza.